Phunziro: Kusunga za mu Hard Drive ya Kompyuta pa Cloud

Ophunzira, phunziro la lero likukhudza ntchito imene ambiri amaikumbukira madzi atafika kale m'khosi: kusunga kope lina la zomwe zili mu kompyuta kumalo akutali, kudzera pa intaneti. Ntchitoyi anthu amati kupanga backup, ndipo malo akutaliwo ndi amene timati cloud.

Kompyuta ikafa kapena ikabedwa, munthu amadandaula, kenaka amasonkha ndalama n'kugula ina. Zimene sizigulika ndi zomwe zinali m'katimo: kafukufuku amene wophunzira wa kukoleji walemba chaka chonse, mndandanda wa angongole a pagolosale, malikisi a ana a sukulu, zithunzi za agogo amene anatisiya. Mfundo imene ndikufuna mutuluke nayo m'kalasi muno ndi iyi: fayilo imene ili pamalo amodzi okha sinasungidwe, ndipo backup imene simunayesepo kuibweza musaidalire.

Zolinga za phunziro

Pomaliza, aliyense athe kuchita izi:

1. Kufotokoza zifukwa zimene mafayilo amatayikira.
2. Kusiyanitsa sync ndi backup yeniyeni.
3. Kuwerengera nthawi ndi data zimene ntchitoyi ingadye.
4. Kutumiza mafoda ake ku cloud motetezeka.
5. Kubweza fayilo yotayika.

1. Chifukwa chake hard drive payokha siyokwanira

Hard drive ndi chipangizo cha m'kati mwa kompyuta chimene chimasunga zinthu zonse ngakhale kompyutayo itazimitsidwa. Yoyamba kugulitsidwa inapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Inkalemera pafupifupi tani imodzi koma inkasunga zinthu zosapitirira 5 MB. Lero laputopu imatha kubwera ndi malo okwana 1 TB, kuchulukitsa ka 200,000 poyerekeza ndi yoyambayo. Ubwino wake ukuonekeratu, koma tsoka lake ndi lakuti kachipangizo kamodzi kakafa, kamapita ndi ntchito ya zaka zambiri nthawi imodzi.

Ma hard drive alipo a mitundu iwiri. Mtundu wakale, wotchedwa HDD, uli ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerengera kamayandama pamwamba pa timbaleto popanda kutikhudza. Laputopu ikagwa ili choyaka, kamutuko kamakanda mbale ndipo zolembedwapo zimawonongeka. HDD ikayamba kutha nthawi zambiri imachenjeza: imalira kuti "tiki, tiki", kompyuta imaima yokha, mafayilo ena amakana kutseguka. Mtundu watsopano, wa SSD, mulibe chozungulira. Umathamanga ndipo suopa kwambiri kugwa, koma nawo umatha, ndipo kawirikawiri umangofa osachenjeza. Kupulumutsa zinthu mu SSD yakufa n'kovuta ndiponso kodula.

Kupatula kukalamba kwa chipangizo, pali adani ena anayi. Woyamba ndi magetsi obwera mwamphamvu atazima, komanso mphezi. Wachiwiri ndi akuba, moto ndi madzi. Wachitatu ndi mavayirasi, makamaka a ransomware, amene amatseka mafayilo onse n'kulamula kuti mwini alipire dipo. Mu Meyi 2017, vayirasi ya mtundu umenewu yotchedwa WannaCry inagwira makompyuta m'mayiko opitirira 150, ndipo inasokoneza ngakhale zipatala za boma ku Britain. Mdani wachinayi ndi dzanja la mwini: kufufuta foda molakwitsa, kulemba pamwamba pa fayilo yofunika, kapena kupereka kompyuta kwa wokonza amene akuifomata asanafunse.

Pano ndichenjeze za chizolowezi chofala. Ambiri amasunga zinthu ku D poganiza kuti C ikawonongeka zinthuzo zipulumuka. Zimathandizadi ngati Windows yokha ndi imene yasokonekera. Koma m'makompyuta ambiri C ndi D ndi zigawo ziwiri za hard drive imodzi yomweyo. Ikafa, zimafera limodzi.

2. Cloud ndi malo ake pa kasungidwe

Cloud ndi makompyuta a kampani ina, otchedwa maseva, amene amakhala zikwizikwi m'zinyumba zikuluzikulu zokhala ndi majenereta, makina oziziritsa ndi alonda. Mukatumiza fayilo, kampaniyo imaisunga pa ma drive angapo, kotero kuti imodzi ikafa fayilo yanu siitayika. Amazon inayamba kubwereketsa malo otere mu 2006, Dropbox inatsegulira anthu wamba mu 2008, ndipo Google Drive inabwera mu 2012. Zinyumba zoterezi zafika kale kuno kummwera kwa Africa: Microsoft inatsegula zake ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024.

Akatswiri amatsatira lamulo lotchedwa 3-2-1, limene linatchuka kudzera mwa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh. Lamuloli limati:

Mukhale ndi makope 3 a chilichonse chofunika.
Makopewo akhale pa zipangizo za mitundu 2.
Kope 1 likhale kutali ndi kumene kuli kompyuta.

Kwa munthu wamba, kope loyamba ndi la mu kompyuta, lachiwiri ndi la pa external hard drive kapena flash, lachitatu ndi la pa cloud. Nzeru imeneyi si yachilendo kwathu. Makolo ankapatula chimanga cha mbewu n'kuchipachika m'khitchini pamwamba pa moto, osachisiya m'nkhokwe pamodzi ndi chodya, kuti chimene chingagwere nkhokwe chisathe ndi mbewu yomwe.

Kope lakutali ndi limene ambiri amaliiwala. External ili m'chikwama chimodzi ndi laputopu imabedwa pamodzi ndi laputopuyo. Namondwe Freddy atagunda chigawo chakummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, matope ndi madzi zinakokolola nyumba zathunthu ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pa ngozi yotere, zonse za m'nyumba zimapitira limodzi, kaya zili pa tebulo kaya m'kabati. Chotsala ndi chokhacho chimene chinali kwina. Ndiyo ntchito ya cloud.

3. Sync si backup

Gawo ili mulimvetsetse bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera.

Google Drive, OneDrive, iCloud ndi Dropbox zinapangidwa makamaka kuti zizichita sync, ndiye kuti kufananitsa foda ya mu kompyuta ndi ya pa cloud kuti zikhale chimodzimodzi nthawi zonse. Mukasintha kalata mu kompyuta, ya pa cloud imasinthanso. Mukaifufuta mu kompyuta, ya pa cloud imafufutikanso. Vayirasi ikatseka mafayilo anu, pulogalamu ya sync imatumiza mafayilo otsekedwawo n'kulowetsa m'malo mwa abwino aja. Pulogalamuyo siidziwa ngati kusinthako mwafuna ndinu kapena ndi ngozi.

Backup yeniyeni imasunga mmene zinthu zinalili tsiku lakutilakuti, ndipo imakulolani kubwerera ku tsikulo ngakhale mu kompyuta zitasintha.

Mwamwayi, makampani a sync anaika njira ziwiri zopulumutsira. Yoyamba ndi malo a zotayidwa: pa akaunti wamba ya Google Drive, OneDrive ndi Dropbox, fayilo yofufutidwa imadikira masiku 30 isanapite kotheratu. Yachiwiri ndi mbiri ya fayilo, imene imasunga mmene fayiloyo inalili musanaisinthe. Pa Google Drive, mafayilo monga a Word ndi PDF amasungidwa mwanjira imeneyi kwa masiku 30, kapena mpaka makope 100.

Tanthauzo lake n'lakuti sync imakutetezani bwino laputopu ikabedwa kapena hard drive ikafa. Imakutetezaninso mukalakwitsa n'kuzindikira msanga. Koma mukafufuta foda mu Januwale n'kuzindikira mu Epulo, masiku 30 aja apita, ndipo fodayo kulibe konsekonse. N'chifukwa chake sync iyenera kuyenda limodzi ndi kope lina losasintha lokha, ndipo tiona kapangidwe kake m'gawo 6.

4. Kusankha zoti musunge ndi kuwerengera

Hard drive yonse siyofunika kupita ku cloud. Gawani zinthu zanu patatu.

Gulu loyamba ndi zosabwerera: zimene munalemba kapena kujambula nokha, mabuku a ndalama, masatifiketi ndi mapepala a malo amene munawajambula. Izi ndi zoyamba kutumiza.

Gulu lachiwiri ndi zobwerera movutikira: manotsi amene munapatsidwa, mabuku amene munawasaka nthawi yaitali. Izi zipite ngati malo alipo.

Gulu lachitatu ndi zopezekanso mosavuta: Windows, mapulogalamu, mafilimu ndi nyimbo zotsitsa pa intaneti. Izi ndi zimene zimadzaza hard drive, ndipo sizifunika kuonongera data. Ngati mukufuna kope la hard drive yathunthu pamodzi ndi Windows, liikeni pa external.

Mukagawa chonchi mudzaona kuti gulu loyamba n'laling'ono. Kalata ya Word yopanda zithunzi siifika ngakhale 1 MB. Chithunzi cha pafoni chimakhala pakati pa 2 MB ndi 5 MB. Zolemera ndi mavidiyo, poti mphindi imodzi imatha kufika 100 MB.

Tsopano masamu. Kukula kwa mafayilo timayeza ndi ma byte, pamene liwiro la intaneti timayeza ndi ma bit, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Ndiye tengani ma GB anu, chulukitsani ndi 8,000, gawani ndi liwiro lanu lotumizira la ma Mbps. Yankho lake ndi masekondi. Gawaninso ndi 3,600 kuti mupeze maola.

Tiyerekeze kuti liwiro lanu lotumizira ndi 5 Mbps:

10 GB idzatenga masekondi 16,000, pafupifupi maola anayi ndi theka.
100 GB idzatenga maola opitirira 44.
500 GB idzatenga masiku opitirira 9, usana ndi usiku, netiweki osadukako.

Dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, liwiro lotumizira nthawi zambiri limachepa poyerekeza ndi lotsitsira, choncho poyeza liwiro yang'anani nambala ya upload. Chachiwiri, kutumiza kumadya bandulo chimodzimodzi ndi kutsitsa. Kutumiza 10 GB n'kudya 10 GB, ndipo tsiku lodzabweza mudzafunanso ina 10 GB.

Musataye mtima ndi manambalawa. Ulendo woyamba wokha ndi umene umalemera. Kuchokera pamenepo pulogalamu imangotumiza zatsopano ndi zosinthidwa. Ndipo simukakamizidwa kutumiza zonse tsiku limodzi. Yambani ndi foda ya makalata, mawa zithunzi za chaka chino, mkuja za chaka chatha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

5. Kusankha kosungira

Malo aulere amene makampani odziwika amapereka ndi awa:

Google Drive: 15 GB, koma malowa amagawana ndi Gmail ndi Google Photos.
OneDrive ya Microsoft: 5 GB.
iCloud ya Apple: 5 GB.
Dropbox: 2 GB.

Kwa wophunzira kapena wabizinesi yaing'ono amene zambiri zake ndi zolemba, 15 GB ndi malo ambiri. Samalani chabe kuti malo a Google akadzaza, Gmail nayo imasiya kulandira makalata.

Malo akachepa pali olipira. Google One ili ndi malo monga a 100 GB, ndipo Microsoft 365 ya munthu mmodzi imabwera ndi 1 TB. Palinso makampani monga Backblaze ndi IDrive amene ntchito yawo ndi backup yeniyeni: pulogalamu yawo imayenda chamseri, n'kumatumiza mafayilo a mu kompyuta ndi kusunga makope akale. Awa amayenera munthu wokhala ndi intaneti yosawerengera data, monga paofesi.

Musanayambe kulipira, dzifunseni ngati mudzakwanitsa chaka ndi chaka. Malipirowa amapita kunja, amafuna khadi la kubanki lololedwa kugula pa intaneti, ndipo mtengo wake m'makwacha umakwera ndalama yathu ikagwa, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kuli bwino kusunga zochepa zofunikitsitsa pamalo amene mungawakwanitse kusiyana n'kudzaza malo aakulu amene mudzawasiye panjira.

Chenjezo lina: akaunti ya kusukulu kapena ya kuntchito si yanu. Mukamaliza maphunziro kapena ntchito ikatha, eni ake akhoza kuitseka. Zanuzanu zisungeni pa akaunti yanu.

6. Ndondomeko yake

Khwerero 1: Konzani mafoda. Sonkhanitsani za gulu loyamba zija m'mafoda ochepa a mayina omveka. Fufuzani pa Desktop ndi mu Downloads, chifukwa n'kumene zinthu zofunika zimabisala. Chotsani zobwerezabwereza.

Khwerero 2: Onani kukula kwake. Pa Windows, dinani foda ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties. Werengerani nthawi ndi data monga taphunzirira.

Khwerero 3: Yambani ndi external. Koperani mafodawo pa external kapena flash musanakhudze za cloud. Mukalakwitsa pokonza sync, kope limeneli lidzakupulumutsani. Windows ili ndi File History ndipo Mac ili ndi Time Machine, zimene zimachita ntchitoyi zokha. Mukamaliza, zulani external n'kuisunga padera, chifukwa yolumikizidwa nthawi zonse vayirasi imaifikira.

Khwerero 4: Ikani pulogalamu. OneDrive imabwera kale mu Windows 10 ndi 11. Dinani chizindikiro chake pafupi ndi wotchi, lowani mu Settings, pezani Manage backup, ndipo yatsani Documents, Pictures ndi Desktop. Ngati mwasankha Google, tsitsani Google Drive for desktop kuchokera kwa Google yeniyeniyo, lowani ndi akaunti yanu, tsegulani Preferences, dinani Add folder n'kusankha foda yanu. Mayina a mabataniwa amasinthasintha pakapita nthawi, koma njira yake ndi yomweyo.

Khwerero 5: Tetezani bandulo yanu. Mukamagwiritsa ntchito hotspot ya foni, uzani Windows kuti netiwekiyo ndi metered connection, kuti mapulogalamu asamadye data mwachisawawa. Mapulogalamu a sync alinso ndi batani loimitsa kaye. Ulendo woyamba wolemera uja uchitireni pa Wi-Fi, kapena pa bandulo yotsika mtengo ya usiku ngati ilipo. Lumikizani laputopu kumagetsi ndipo iletseni kugona, poti ikagona kutumiza kumaima. Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka musade nkhawa, pulogalamu idzapitiriza ndi zimene zatsala.

Khwerero 6: Tsimikizani. Musakhulupirire kuti zapita chifukwa choti pulogalamu yayaka. Dikirani inene kuti yamaliza, kenaka lowani mu akaunti yanu pa chipangizo china, monga foni, n'kutsegula mafayilo angapo.

Khwerero 7: Pangani kope losasintha. Kamodzi pamwezi, mangani foda ya zofunikitsitsa kukhala fayilo imodzi ya ZIP, ipatseni dzina lokhala ndi deti, monga Zofunika-2025-01-31, ndipo itumizeni pamanja kudzera pa browser ku foda ya pa cloud imene siichita sync ndi kompyuta. Sungani makope atatu omalizira, n'kumafufuta akale. Njira imeneyi ndi imene imatseka mpata umene sync imasiya. Kwa amene data ndi yovuta, akhoza kuchita khwerero ili lokha osaika pulogalamu iliyonse.

7. Kuteteza akaunti

Mukatumiza zinthu ku cloud, chitseko chake ndi akaunti yanu. Wolowa mu akauntiyo waona zonse, ndipo inu mukalephera kulowamo mwataya zonse.

Pasiwedi ikhale yaitali, yosagwiritsidwa ntchito kwina, yosachokera ku dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, ndi osavuta kukumbukira koma ovuta kulota.

Yatsani chitetezo cha makwerero awiri, chimene chimafuna nambala yobwera pafoni kuonjezera pa pasiwedi. Koma ganizirani izi: wakuba akatenga chikwama chokhala ndi laputopu ndi foni yomwe, nambalayo mudzailandirira pati? N'chifukwa chake Google imapereka manambala 10 apadera olowera pangozi. Alembeni papepala n'kusunga pamodzi ndi masatifiketi anu. Mukasintha nambala ya foni, isintheninso mu akaunti, chifukwa SIM yosiyidwa nthawi yaitali imatha kuperekedwa kwa munthu wina.

Makampaniwa amatseka mafayilo ndi encryption potumiza ndi posunga, koma nthawi zambiri kiyi amasunga ndi iwo. Zinthu zachinsinsi kwambiri zitsekeni nokha musanatumize. Pulogalamu yaulere ya 7-Zip imamanga foda n'kuitseka ndi pasiwedi pogwiritsa ntchito njira yamphamvu ya AES-256, ndipo Cryptomator inapangidwira ntchito yomweyi pa cloud. Dziwani kuti pasiwedi imeneyi mukaiiwala palibe angakutsegulireni.

Ngati mumasunga zokhudza anthu ena, monga odwala, ana a sukulu kapena makasitomala, udindo wanu ndi waukulu. Ku Malawi kuli lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2024, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Zinthu za kuntchito musazitumize ku akaunti yanu popanda chilolezo cha akuluakulu.

Mukalowa mu akaunti pa kompyuta ya eni, tulukanimo musananyamuke. Komanso ganizirani za banja: pakhale munthu mmodzi wodalirika wodziwa kumene kuli pepala lija. Google ili ndi Inactive Account Manager, imene imapereka zinthu zanu kwa munthu amene mwasankha ngati akaunti yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito.

8. Cloud nayo imalephera

Ena akatumiza zinthu ku cloud amafufuta za mu kompyuta kuti apeze malo. Akatero abwerera pomwe anayambira: kope ndi limodzi, kungoti lasamukira m'manja mwa ena. Zochitika zinayi izi zikusonyeza kuopsa kwake.

Mu Januwale 2012, boma la America linatseka kampani ya Megaupload pa milandu yokhudza umwini wa mafilimu ndi nyimbo. Anthu osalakwa amene ankasungako zinthu zawo anangodzuka chitseko chatsekedwa.

Pa 10 Malichi 2021, moto unapsereza chinyumba cha maseva cha kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France. Makasitomala ena anataya zonse chifukwa backup yawo inali pamalo omwewo.

Pa 1 Juni 2021, Google Photos inasiya kupereka malo aulere opanda malire, ndipo zithunzi zatsopano zinayamba kudya 15 GB ija.

Kuyambira Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse za m'katimo.

Moto, milandu, kusintha kwa malamulo a kampani, kulephera kulipira, kuiwala pasiwedi, chilichonse mwa izi chikhoza kukulekanitsani ndi mafayilo anu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Cloud ikhale kope lachitatu, osati lokhalo. External imateteza ku zimene zingagwere cloud, cloud imateteza ku zimene zingagwere nyumba.

9. Kuyesa kubweza

Cholinga cha backup si kutumiza, koma kudzabweza. Mu 1998, kampani ya Pixar ku America inali mkati mopanga filimu ya Toy Story 2 pamene wina analemba molakwitsa lamulo lofufuta pa seva imene inkasunga ntchitoyo. Pafupifupi 90 peresenti ya mafayilo inapita. Ogwira ntchito sanade nkhawa poyamba chifukwa anali ndi backup, koma atayesa kubweza anapeza kuti inali itasiya kale kugwira bwino ntchito popanda wozindikira. Chinawapulumutsa ndi chakuti mmodzi wa akuluakulu a zaumisiri, Galyn Susman, ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa anali ndi khanda, ndipo kompyuta yake ya kunyumbako inali ndi kope. Filimuyo inatuluka mu 1999.

Kampani yokhala ndi akatswiri inagwa chifukwa chosayesa, ndipo inadzuka chifukwa cha kope lakutali. Inunso backup yanu ikhoza kuima mwakachetechete: malo adzaza, pasiwedi yasintha ndipo pulogalamu yatuluka mu akaunti, munaimitsa sync posunga data n'kuiwala kuiyatsanso, kapena munapanga foda yatsopano imene siili pamndandanda.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Sankhani mafayilo atatu a mitundu yosiyana, monga kalata, chithunzi ndi tebulo la Excel. Lowani mu cloud pa chipangizo china, atsitseni, atseguleni, ndipo onani ngati ali atsopano. Kenaka pangani fayilo yoyeserera, ifufuteni, n'kuibweza kuchokera ku malo a zotayidwa. Pomaliza tsitsani fayilo ya ZIP ija n'kuona ngati ikutseguka, ndi pasiwedi yake ngati munaitseka. Phunzirani njirayi mtima uli m'malo, chifukwa tsiku la ngozi si tsiku lophunzirira.

Tsatirani kalendala iyi:

Sabata iliyonse: onani ngati pulogalamu ya sync ikunena kuti yamaliza.
Mwezi uliwonse: koperani ku external ndi kutumiza ZIP ya deti.
Miyezi itatu iliyonse: yesani kubweza.
Chaka chilichonse: onani malo otsala, nambala ya foni ya mu akaunti ndi pepala la manambala apadera. Pa 31 Malichi, tsiku limene dziko lapansi limakumbukira za backup, ndi labwino pa ntchito imeneyi.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani chifukwa chake kusunga mafayilo ku D sikuteteza hard drive ikafa.
2. Tchulani zigawo zitatu za lamulo la 3-2-1, ndipo perekani chitsanzo cha chilichonse.
3. Mnzanu wafufuta foda mu kompyuta imene imachita sync ndi Google Drive, ndipo wazindikira patapita milungu iwiri. Mungamuthandize bwanji? Nanga akanazindikira patapita miyezi iwiri?
4. Werengerani maola ofunika kutumiza 25 GB pa liwiro la 4 Mbps.
5. Tchulani zifukwa zitatu zimene cloud siyenera kukhala kope lokhalo.

Ntchito yokachita

Musanabwere ku phunziro lotsatira, lembani papepala mafoda asanu a mu kompyuta yanu amene simungawapezenso atatayika, ndi kukula kwa iliyonse. Tumizani yofunika kwambiri ku cloud, yatsani chitetezo cha makwerero awiri, ndipo lembani manambala apadera aja. Tikadzakumana, aliyense adzalowa mu akaunti yake pa kompyuta ya m'kalasi muno, kutsitsa fayilo imodzi n'kuitsegula pamaso pa anzake. Malikisi adzaperekedwa kwa amene fayilo yake yatseguka.